Mmera mpoyamba: kulimbana ndi udzu m'munda watsopano wa chakudya cha ziweto

Chaka ndi chaka, mwezi wa Seputembala ukamatha, ng'ombe zambiri za m'midzi yozungulira nyanja ya Chiuta zimayamba kuonekera nthiti. Msipu wa m'madambo umakhala utauma, kwina moto utadutsa kale, ndipo abusa amayenda nazo mitunda italiitali kusaka pamene pali kaudzu kobiriwira. Mvula ikamagwa mu Novembala kapena Disembala, nthawi imene ng'ombe zapagoli zimafunika kukoka pulawo, n'kuti zili zofooka ndipo zazikazi zitachepetsa mkaka. Mlimi amachedwa kulima, ndipo wochedwa kulima amachedwanso kubzala.

Boma la Mecanhelas ndi limodzi mwa maboma a m'chigawo cha Niassa amene anthu ake amakonda kuweta ng'ombe. Nkhondo itatha m'chaka cha 1992, anthu ambiri amene adathawira ku Malawi adabwerera kwao n'kupeza makola ali gwa, ndipo zidawatengera zaka kuti awadzazenso. Koma pamene ziweto zakhala zikuchuluka, minda ya mpunga, chimanga, nandolo ndi fodya nayonso yakhala ikukula, kotero kuti malo odyetsera akunka nachepa. Nyengo nayo sikuthandiza. Chilala chidavuta m'nyengo ya 2015/16 ndiponso ya 2023/24, pomwe mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yoopsa kum'mwera kwa Malawi ndi m'madera oyandikana nawo a dziko la Mozambique. Kukachita chilala msipu umauma msanga, kukasefukira madzi dambo limamira.

Kaamba ka zimenezi, alangizi a za ziweto amalimbikitsa kuti mlimi azipatula kachigawo ka munda wake n'kubzalapo chakudya cha ziweto, chimene angamwete, kuumitsa ndi kusunga kudikira miyezi ya njala. Mbewu zothandiza kwambiri pa ntchitoyi ndi za mtundu wa nyemba, ndipo yotchuka kuposa zonse pa dziko lapansi ndi imene Apwitikizi amaitcha luzerna. Koma aliyense woyesa ulimi umenewu amakumana ndi mdani mmodzi mbewu isanafike pena paliponse. Mdaniyo ndi udzu.

Nanga udzu si chakudya cha ng'ombe?

Funso limeneli ndi loyenera kufunsa, chifukwa n'zodabwitsa kumva kuti munthu azule udzu m'munda umene akulimira ng'ombe. Yankho lake lagona pa ubwino wa chakudyacho. Akatswiri a za ziweto amayeza chakudya poona kuchuluka kwa mapuloteni, amene ndi chakudya chomanga thupi. Udzu wanthete wa mu Januwale umakhala nawo okwanira, koma ukakhwima n'kuuma amatsika mpaka kuchepera magawo 5 pa magawo 100 alionse. Ng'ombe imafuna magawo osachepera 7 kuti m'mimba mwake mugayike bwino zimene yadya. N'chifukwa chake ng'ombe imatha kukhuta udzu wouma tsiku lonse koma n'kumaondabe.

Luzerna woumitsa bwino amakhala ndi magawo 17 mpaka 20. Kamtolo kochepa patsiku, kophatikiza ndi mapesi a chimanga kapena udzu wa mpunga, kamathandiza ng'ombe kupindula ndi zouma zimene ikudyazo. Tsono udzu ngwopezeka paliponse ndipo sufuna wina aubzale. Chimene chimasowa m'chilimwe ndi chakudya cha mphamvu ngati chimenechi, ndipo munda ukadzala udzu ndiye kuti mlimi wataya mbewu, thukuta ndi malo pofuna kupeza chinthu chimene chili kale mbwee kudambo.

Luzerna ndi mbewu yotani?

Mbewuyi siyodziwika kwenikweni m'midzi ya kuno. Idachokera ku maiko a ku Asia, cha ku Iran, kumene anthu adayamba kuilima zaka zoposa 2,000 zapitazo pofuna kudyetsa akavalo. Ku America amaitcha alfalfa, pomwe ku South Africa amati lucerne. Amene adagwirapo ntchito m'mafamu a ku South Africa ayenera kuti adaiona, chifukwa imalimidwa kwambiri mothirira m'madera monga Vaalharts ndi Oudtshoorn. Masamba ake amakhala atatuatatu, maluwa ake ndi ofiirira mobiriwira, ndipo muzu wake umalowa pansi mamita 2 kapena kuposerapo. Akagwira bwino, luzerna amakhala m'munda zaka 4 mpaka 6, ndipo pamene pali madzi amamwetedwa pafupifupi mwezi uliwonse.

Kufooka kwake kuli paukhanda. Njere zake ndi zazing'ono ngati mawere, moti m'kilogalamu imodzi mumakhala njere zoposa 400,000. Zikamera, kamtengo kake kamathera mphamvu zambiri kukumba muzu pansi, pomwe pamwamba kamakula pang'onopang'ono. Udzu ndiye sudikira. M'masabata ochepa umakhala utapitirira msinkhu, kuphimba dzuwa ndi kulanda chinyezi ndi chakudya cha m'nthaka. Luzerna amene waphimbidwa ali wakhanda amatuwa, amaonda ndipo ambiri amafa. Pamene wafa pamatsala mpata, ndipo mpatawo sudzatsekekanso, chifukwa luzerna sayanga ngati mbatata. Kuwonjezera apo, njere zatsopano sizimera bwino pakati pa luzerna wamkulu. Choncho zimene zachitika m'miyezi iwiri yoyamba ndizo zimalamula zokolola za zaka zonse zotsatira.

Mlimi wa ku Chiuta ayeneranso kudziwa kuti luzerna amadana ndi zinthu ziwiri zimene derali lili nazo zambiri: lowe ndi kutentha kwa nthawi ya dzinja. Madzi akaima m'munda masiku owerengeka chabe mizu imaola. Makande a kudambo amene amakomera mpunga ndi manda a luzerna. Iye amafuna dothi lakuya, losasunga madzi, la kumtunda kapena dimba lokwera limene silimira, koma pafupi ndi chitsime kapena mtsinje wothirira. Nyengo yozizira ngati ya ku Lichinga kapena ku Angónia imamukomera kuposa ya m'mbali mwa nyanja. N'chifukwa chake n'kwanzeru kuyamba ndi kamunda kakang'ono, monga ka mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali, kuti munthu aone kaye mmene mbewuyi ikuchitira pa dothi lake.

Udzu uli mitundumitundu

Si udzu wonse umene umagonja ndi njira imodzi, choncho mlimi ayenera kuyamba wadziwa umene uli m'munda mwake.

Gulu loyamba ndi la udzu womera kuchokera ku njere chaka chilichonse, monga chinsangwi ndi mitundu ina imene imabiriwira m'munda mvula yoyamba ikangogwa. Phata limodzi la chinsangwi limabereka njere masauzande ambiri, ndipo njere zina zimagona m'dothi kudikira chaka chinacho. Udzu woterewu ndi wosavuta kupha ukadali waung'ono, koma ukakula mizu yake imagwira zolimba, ndipo pouzula umazukira limodzi ndi mbewu.

Gulu lachiwiri ndi la udzu wosafa, umene umakhala ndi moyo pansi ngakhale pamwamba pataoneka pouma. Wodziwika kwambiri ndi kapinga ndi namsongole. Kapinga amayanga pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo mfundo iliyonse imatha kuphuka. Munthu akamudula ndi khasu kapena pulawo dothi lili lonyowa, ndiye kuti wamubzala, popeza kachidutswa kalikonse kamasanduka phata latsopano. Namsongole nayenso amayenda ndi mizu yoyera yosongoka, ndipo moto umangomukondweretsa, chifukwa ndiye amayamba kuphuka pa lupsa anzake asanadzuke.

Palinso dawe, amene amakonda malo achinyezi monga madimba. Ambiri amamuyesa udzu wamba, koma ali wa banja lina. Munthu akagwira tsinde lake ndi zala amamva kuti lili ndi ngodya zitatu, ndipo pansi pake pamakhala timbatata tolumikizana. Kusiyana kumeneku n'kofunika kukudziwa, makamaka kwa amene akuganiza zogula mankhwala.

Ntchito yaikulu ndi ya mbewu isanabzalidwe

Njira yoyamba yopewera udzu ndiyo kusankha malo. Munda umene wakhala ukulimidwa ndi kupaliridwa bwino zaka ziwiri kapena zitatu ndi wabwino kuposa tsala kapena mphanje. Pamene pali kapinga kapena namsongole wambiri ndi bwino kupalambalala. Mlimi akumbukirenso mankhwala amene adathira m'mundamo chaka chathachi. Mankhwala ena opha udzu m'chimanga, makamaka okhala ndi atrazine, amatsalira m'dothi kwa miyezi ndipo amapha mbewu za mtundu wa nyemba zikamamera.

Ngati malo ena palibe ndipo kapinga alipo, nthawi yolimbana naye ndi ya dzuwa, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Munda ugalauzidwe mozama, mizu itoledwe ndi manja n'kuunjikidwa pamalo ouma kunja kwa munda kuti ipse ndi dzuwa. Pakatha masabata awiri agalauzenso kuti yotsalira ituluke poyera. Timbatata ta dawe natonso timafa tikauma padzuwa. Ntchitoyi ndi yowawa, koma tsiku limodzi lotola mizu mu Seputembala limapulumutsa masiku ambiri opalira m'tsogolo.

Chinthu china chimene ambiri sachiganizira ndi manyowa. Ndowe za m'khola zimakhala ndi njere za udzu umene ng'ombe zidadya, ndipo njere zambiri zimatuluka m'mimba zili zamoyo. Wothira ndowe zaziwisi m'munda watsopano amakhala wafesa udzu ndi manja ake. Manyowa ayenera kukhala owolerana, amene adaunjikidwa, kutentha ndi kutembenuzidwa kwa miyezi ingapo. Ngati dothi ndi lowawasa, monga limakhalira dothi lambiri lamchenga limene lalimidwa nthawi yaitali, laimu wa m'munda kapena phulusa zimathandiza, ndipo zisakanizidwe ndi dothi masabata angapo kubzala kusanafike.

Munda ukasalazidwa, zibuma zitaphwanyidwa, mlimi asathamangire kubzala. Authirire kapena adikire mvula, kenaka ausiye masiku 10 mpaka 14 kuti njere za udzu zimene zili pamwamba zimere. Udzuwo ukangotuluka ngati tsitsi, apalire mopepuka, khasu lisalowe kupitirira masentimita 2 kapena 3. Akalowetsa khasu kwambiri amatulutsa njere zina zimene zidali pansi, ndipo ntchito imayambiranso. Akachita zimenezi kawiri, udzu wambiri umene ukadamera limodzi ndi mbewu umakhala utatha. Njirayi siilira ndalama, imangolira kudekha.

Nthawi ndi kabzalidwe

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mvula ya Disembala ndi Januwale, pamodzi ndi kutentha kwake, ndiyo imene udzu umakondwera nayo, ndipo luzerna wobzalidwa nthawi imeneyo amapikisana ndi mdani ali pa mphamvu zake zonse. Ndi nthawi yomweyonso imene banja lonse limakhala lili kalikiliki kupalira chimanga ndi kuwokera mpunga, moti kamunda ka ziweto kamaiwalika. Alimi ambiri a ku South Africa amabzala luzerna dzinja likamatha, pofuna kuthawa udzu wa nthawi yotentha. Nzeru yomweyo ingathandize kuno: kubzala mu Epulo kapena Meyi, dothi likadali ndi chinyezi, kunja kutayamba kuzizira, n'kumathirira. Udzu umakula mwaulesi m'miyezi yozizira pomwe luzerna amakondwa, ndipo pofika dzinja lotsatira amakhala atazika mizu.

Luzerna asafesedwe mwachisawawa ngati nazale ya mpunga. Abzalidwe m'mizere yowongoka yotalikirana masentimita 25 mpaka 30, kuti kakhasu kazitha kudutsa pakati komanso kuti wopalira azisiyanitsa mbewu ndi udzu. Pa hekitala pamalowa makilogalamu 15 mpaka 20, kutanthauza kuti kamunda ka mamita 10 ndi 20 kamafuna magalamu 300 mpaka 400 basi. Kusakaniza njere ndi mchenga wouma kumathandiza kuti zisaunjikane malo amodzi. Njere zisakwiriridwe kupitirira sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo dothi litsenderedwe pang'ono pamwamba. Zokwiriridwa kwambiri sizituluka, ndipo paliponse pamene mbewu yalephera kumera udzu umalowapo.

Mbewu igulidwe kwa ogulitsa odziwika, chifukwa mbewu yosapetedwa bwino imabwera ndi njere za zomera zina. Pogula, mlimi afunsenso za mankhwala opaka ku njere, ofanana ndi amene alimi a soya amapaka. Mankhwalawa ndi tizilombo tamoyo timene timapanga timatuza ku mizu ndi kuthandiza mbewu kudzipangira chakudya kuchokera mu mpweya. A soya sagwira ntchito pa luzerna, aliyense ali ndi ake.

Apa mpamene pagona chenjezo lina. Mlimi akaona luzerna wakhanda akukula mochedwa amalakalaka kumuthira feteleza wa urea monga amachitira ndi chimanga. Kutero ndi kudyetsa mdani, chifukwa udzu ndiwo umathamangira fetelezayo ndi kukula kawiri. Mbewu za mtundu wa nyemba zimafuna kwambiri feteleza wokulitsa mizu, wokhala ndi fosifolasi, wothira pobzala.

Masabata 8 oyamba

Kupalira koyamba kuchitike mizere ikangooneka bwino, patatha masabata awiri kapena atatu chibzalire, udzu usanapitirire masamba atatu kapena anayi. Pakati pa mizere padutse kakhasu mopepuka, ndipo mumzere mwenimwenimo udzu uzulidwe ndi manja dothi lili lofewa, dzanja lina litatsendera pansi kuti mbewu isazuke. Kupalira kwa m'mawa tsiku la dzuwa ndiko kwabwino, popeza udzu wozulidwa umafota usanagwirenso. Kapinga ndi dawe wozulidwa asasiyidwe m'munda.

Pakatha masabata ena awiri kapena atatu apalirenso, ndipo kachitatu ngati kuli kofunika, kufikira mizere itakumana ndi kuphimba dothi. Luzerna akafika pamenepo amadziteteza yekha ndi mthunzi wake. M'mbali mwa munda namonso muzilambulidwa, chifukwa kapinga amalowera m'malire ndipo udzu wa m'mphepete ukabereka, mphepo ndi madzi othirira zimabweretsa njere zake m'kati.

Zikachitika kuti mlimi wadwala kapena watanganidwa ndipo udzu wapitirira mbewu, asataye mtima n'kugalauza munda. Atenge zenga kapena chikwakwa chakuthwa n'kumweta udzuwo pamwamba pa nsonga za luzerna, kuti dzuwa lilowe ndiponso kuti udzu usabereke. Zomwetedwazo azichotse n'kukapatsa ziweto, zisatsale zitaphimba mbewu. Adziwe kuti kumweta sikupha udzu, popeza udzu umaphukira pansi, choncho khasu liyenera kutsatira. Chimene sayenera kuchita ndi kulowetsamo mbuzi kapena ng'ombe poganiza kuti zidya udzu. Ziweto zimayamba kudya chokoma, ndipo zimazula ndi kupondaponda mbewu yanthete. Munda wobiriwira pakati pa chilimwe umaitana mbuzi za mudzi wonse, choncho mpanda umangidwe mbewu isanamere.

Za mankhwala opha udzu

M'misika ya m'malire, kuyambira ku Entre Lagos ndi Nayuchi mpaka ku Cuamba ndi Liwonde, anthu amagula ndi kugulitsa zipangizo za ulimi zochokera mbali zonse ziwiri, ndipo mankhwala opha udzu ndi ena mwa katundu amene alimi ayamba kumufuna. Pa kamunda kakang'ono khasu ndi manja n'zokwanira. Koma amene ali ndi munda waukulu ayenera kudziwa kuti mankhwalawa ali m'magulu osiyana, ndipo kulakwitsa botolo ndi kupha munda wonse tsiku limodzi.

Mankhwala a glyphosate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Roundup, amapha chomera chilichonse chobiriwira. Ntchito yake ndi ya munda usanabzalidwe, makamaka pa kapinga ndi namsongole. Amagwira udzu ukakhala wobiriwira ndipo ukukula, osati wouma kapena wodzala fumbi, ndipo mlimi adikire sabata imodzi kapena ziwiri asanagalauze kuti mankhwala afike ku mizu. Sapha njere zimene zili m'dothi.

Gulu lina ndi la mankhwala osankha, amene amapha udzu wokha n'kusiya mbewu za masamba aakulu monga luzerna, nyemba, soya ndi thonje. Maina ake pa botolo ndi monga fluazifop, amene amagulitsidwa ndi dzina la Fusilade, komanso haloxyfop, quizalofop ndi clethodim. Amagwira bwino udzu ukakhala waung'ono ndipo usali pa ludzu. Sapha msanga: udzu umaleka kukula, kenaka umafiira, ndipo pamatha sabata imodzi mpaka atatu kuti ufe. Wofuna kutsimikiza akoke tsamba lapakati, ndipo ngati lazuka mosavuta lili lowola kumunsi ndiye kuti mankhwala agwira. Mankhwala amenewa samukhudza dawe, chifukwa dawe si udzu weniweni. Sakhudzanso chisoso, bonongwe kapena khovani.

Alimi a mpunga atchere khutu apa. Mpunga, chimanga, mapira, nzimbe ndi nsenjere zonsezi ndi za banja la udzu, ndipo mankhwala osankhawa amazipha monga amaphera chinsangwi. Kupopera kukuwomba mphepo kungathe kuononga nazale ya mnansi n'kubutsa mlandu kwa amfumu. Mbali inayi, mankhwala a 2,4-D amene ena amathira mu mpunga ndi m'chimanga amapha luzerna, ngakhale otsalira ochepa mu mpope wosatsukidwa bwino. Palinso paraquat, mankhwala oopsa kwambiri kwa munthu, amene boma la Mozambique lidawachotsa pa mndandanda wa mankhwala ololedwa m'chaka cha 2014.

Choncho mankhwala ogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa, opanda chikalata, ndi osayenera kugula ngakhale atatsika mtengo chotani. Chikalata cha pa botolo ndicho chimanena mbewu zimene mankhwalawo amaloledwa, muyeso wake, ndi masiku oyenera kudikira mbewu isanamwetedwe kupatsa ziweto. Popeza chimalembedwa m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, wosatha kuwerenga apite nacho kwa mlangizi. Ku mbali ya Mozambique alangizi amapezeka kudzera ku ofesi ya SDAE ya boma la Mecanhelas, ndipo ku mbali ya Malawi ku maofesi a zaulimi a m'boma la Machinga. Wopopera avale zophimba thupi lonse, pakamwa ndi m'manja, ndipo mpope usatsukidwe m'nyanja, mumtsinje kapena pa chitsime. Ena mwa mankhwalawa amapha nsomba, ndipo makumba, matemba ndi milamba ya m'Chiuta ndiyo ndiwo ndi ndalama za mabanja ambiri.

Kumweta koyamba

Luzerna amwetedwe koyamba maluwa akayamba kuoneka apo ndi apo, pafupifupi phata limodzi pa 10 alionse, zimene zimachitika patatha miyezi iwiri ndi theka kapena itatu. Kufulumira kumweta kumafooketsa mizu ndi kupatsa udzu mpata. Pomweta pasiyidwe chitsa cha masentimita 5 mpaka 7, chifukwa mphukira zatsopano zimachokera pamenepo. Akangomweta, dothi limaonekera, ndipo imeneyo ndi nthawi yabwino yodutsamo ndi khasu asanathirire.

Zomwetazo zifote padzuwa tsiku limodzi kapena awiri, kenaka zikamalizire kuuma pamthunzi podutsa mphepo, monga m'chigafa, pa thandala lokwera. Mphamvu yambiri ili m'masamba, ndipo akauma kwambiri amayoyoka. Ng'ombe yanjala isapatsidwe luzerna wamuwisi wambiri nthawi imodzi, makamaka wa mame, chifukwa imatupa mimba ndipo itha kufa. Woumitsa ndiye alibe vuto lotere kwenikweni.

Mbewu zina zosavuta

Kwa alimi ambiri a ku Chiuta, amene alibe malo okwera a pafupi ndi madzi kapena sangapeze mbewu ya luzerna, pali mbewu zina za mtundu wa nyemba zimene makolo ankalima kale: nkhungudzu, kalongonda ndi khobwe woyanga. Njere zake ndi zazikulu, zimamera ndi mphamvu, zimapirira kutentha, ndipo zimabzalidwa ndi mvula. Zikapaliridwa kamodzi kapena kawiri m'masabata 6 oyamba zimayanga ndi kuphimba udzu. M'dziko la Benin, ku West Africa, alimi ambiri adayamba kubzala kalongonda chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pofuna kupha namsongole amene adawalanda minda, ndipo zidatheka. Mlimi amene ali ndi malo ovuta udzu atha kuyamba wabzalapo kalongonda kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo pamenepo mpamene angadzayesepo luzerna. Masangwi a mtedza ndi masamba a nandolo nazonso ndi chakudya chabwino chimene ambiri amangochisiya m'munda kapena kuchitentha.

Lukina ndi mtengo wina wothandiza, koma nayenso amafanana ndi luzerna pa kufooka kwa paukhanda. Mbande zake zimafa zikaphimbidwa ndi udzu, choncho pozungulira phando lililonse pazikhala poyera chaka chonse choyamba. Masamba ake aziperekedwa mosakaniza ndi zakudya zina, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu.

Tsidya lino la malire ndi tsidya ilo, ulimi wa chakudya cha ziweto si nkhani yongomva. Alimi a ng'ombe zamkaka a ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi Blantyre, amene ambiri mwa iwo ali m'magulu a pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, amaweta ng'ombe zawo m'khola ndi kuzimwetera nsenjere ndi zakudya zina zobzala. M'mapologalamu ambiri opatsirana ng'ombe, munthu salandira ng'ombe asanaonetse khola ndi munda wa chakudya chake.

Mlimi amene akufuna kuti ng'ombe zake zidzakoke pulawo zili ndi mphamvu ayenera kuwerengera nthawi chobwerera m'mbuyo. Chakudya chodzadyetsa mu Okutobala chimamwetedwa kuyambira mu Julayi ndi Ogasiti, chimabzalidwa mu Epulo kapena Meyi, ndipo kapinga wa pamalopo amakhala atatoledwa m'chilimwe cha chaka chinzake. Pakati ponsepa, masabata 8 oyamba mbewu itamera ndiwo osayenera kuphonya. Amene sangathe kupalira hekitala ayambe ndi kamunda ka mamita 10 ndi 20, akasamale bwino, ndipo akaona phindu lake adzawonjezere chaka chinacho. Paja akuluakulu adati mmera mpoyamba.